Kalata Yopanda Moni

Anthu ankawatchula A Positi, ngakhale anali atapuma ntchito kalekale. Moyo wawo wonse anauthera m'chipinda chakumbuyo kwa positi ofesi, akusankha makalata m'timabokosi, ndipo anatulukamo ndi msana wopindika komanso lamulo limodzi: kalata sitayidwa. Ngakhale yofufutika adiresi, iwo ankaifunira mwini wake mpaka apezeke.

Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo wamkazi anawasiyira laputopu yake yakale kuti asamangokhala ndwii pakhonde. Anawalowetsa m'gulu la imelo la anzawo opuma ntchito, lija ukalemba kamodzi uthenga umafika kwa onse. Anawaikiramonso kavidiyo kamene anajambula mocheza tsiku lina: mayi ake akusita malaya, akuimba kanyimbo kopeka okha, kenaka n'kuphulika chiseko atazindikira kuti akujambulidwa. Foni imene anajambulira inabedwa, choncho mawu a malemuwo anatsala m'laputopumo basi. A Positi ankakaonera m'mawa uliwonse, tiyi akuzizira pambali.

"Ababa, kavidiyoka tikakopere pa fulashi iyi," anatero mwanayo, chikwama chili kale paphewa. "Komanso musamatsegule zinthu zomwe simukuzidziwa. Zambiri ndi zinyalala, muzingofufuta."

"Basi ikusiya, mwanangu. Tidzakopera ukadzabweranso."

Fulashiyo A Positi anaiika m'dirowa, idakali m'pepala lake.

Kufufuta ndiko kunawakanika. Madala aja anali ouma mutu mwaulemu. Ngakhale otsatsa mankhwala ophwetsa mimba ankawayankha kuti, "Pepani, mwasochera adiresi." Otumizawo ankangodziwirapo kuti kuno kuli munthu wamoyo, ndipo zinyalala zinkachulukirachulukira ngati nyerere pa shuga.

Tsiku lina m'mawa kunabwera uthenga wa dzina la A Kachipewa, mnzawo amene ankagulitsa masitampa pa kauntala. A Kachipewa sankalemba osayamba ndi chipongwe chawo chija chakuti, "Iwe nkhalamba, udakalipo?" Uwu unalibe moni. Unangoti, "Onani zithunzi izi," pansi pake kafayilo. A Positi anaona ndithu kuti mnzawo salemba chonchi, mtima unawauza, chala chinaima m'malere. Koma munthu amene wanyamula makalata a eni moyo wake wonse angataye bwanji ya mnzake osaitsegula? Anadina.

Sichinatseguke chilichonse. Ndiye poti kalata iyenera kufika, anautumiza ku gulu lonse: "Anzanga, kwa ine zikukana, tayesani inu."

Masana foni inalira.

"Iwe nkhalamba!" anakuwa A Kachipewa. "Ine sindinatumize kanthu, dzina langa angoliba! Zimitsa chinthucho!"

A Positi sanazimitse. Anathamangira kaye pa kavidiyo kaja. Kanakana kutseguka.

Wokonza makompyuta wa pafupi ndi siteji anaunguza m'makinamo kwa nthawi, kenaka anapukusa mutu.

"Madala, vairasi imeneyi yamanga zonse. Makinawa ndiwakonza, koma zam'katizi iwalani. Munakoperako pena?"

A Positi anangoyang'ana nsapato zawo.

A m'gulu anakwiya, mmodzi anatulukamo, koma pasanapite nthawi ena onse anaisandutsa nthabwala, n'kumawatcha wonyamula matenda. Mwana wawo sanawakalipire ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawapweteka kwambiri. Akanawatukwana bwenzi zitapepukako.

Masiku ano A Positi amafufuta kuposa aliyense. Uthenga wopanda moni sauchedwetsa, wokayikitsa amayamba aimbira foni mwini dzina, ndipo amalangiza anzawo ngati mphunzitsi. Nzeru zilipo tsopano, kungoti zinafika zoti ateteze zitapita kale.

Kanyimbo kaja amakakumbukabe, amakang'ung'udza akamasita okha malaya. Koma amafika pamene mkazi wawo ankadukizira n'kuseka, n'kuima, simbi ili m'manja. Nkhope amaiona bwinobwino, pakamwa potsegula, dzanja likutchinga kamera. Mawu ndiwo sabwera.

Lamlungu lapitali anaimbira mwana wawo.

"Mwanangu, kodi mayi ako ankaseka bwanji?"

Mwanayo anayesa kuyerekeza, koma chisekocho chinatuluka chake chomwe. Anayesanso, n'kulekera panjira.

"Sizimenezo," anatero A Positi motsitsa. "Koma zikomo."