Apongozi a Nthenga Zobiriwira

Chinkhwe chinabwera kwathu m'chipewa cha mlamu wanga. Mlamuyo ndi mlongo wa malemu mkazi wanga, munthu wa njinga ndi pakamwa. Amatenga nkhuku ndi tomato kuno ku Nsadzo n'kukagulitsa kumalire ku Cassacatiza, ndipo pobwerera amasenza nkhani zochuluka kuposa katundu. Ulendo umenewo anapeza ootcha makala atagwetsa mtengo wa mphako, m'mphakomo muli kamwana ka chinkhwe, nthenga zitamera koma kouluka kasanakudziwe.

"Alamu, ndakubweretserani mnzanu," anatero akuvundukula chipewa pakhonde. "Chimwalirireni mlongo wanga, nyumba ino ili zii ngati gereja yopanda opemphera tsiku Lolemba. Aka kakuphunzitsani kulankhula."

Ndinathokoza. Ndinaluka gayola, kakhola ka nsungwi, n'kuipachika pakhonde, ndipo kambalameko kanasankha ngodya yakumapeto n'kudzipanikiza pamenepo. Kanali ka mutu wotuwa, mimba yobiriwira, ndi timadontho tachikasu m'mapewa ngati kagwera mu ufa wa chimanga cha olenji.

Mbiri inafala. Pochokera ku mjigo amayi ankapatuka, ndowa zili pamutu, kudzaona chinkhwe cha bambo wosalankhula. Wina ankakaimbira likhweru, wina n'kulowetsa chala, wina n'kukafuulira kuti, "Nena moni! Moni!" ngati kuti kagontha. Nanenso sindinali wosiyana nawo kwenikweni. Ndinkayandikiza nkhope yanga yonse pa nsungwizo, ndi ndevu zomwe, mtedza uli m'manja, n'kumakanyengerera. Iko kankangonjenjemera. Mtedza wa m'mawa ndinkaupeza madzulo uli momwemo, madzi okha ndi amene ankatsikako pang'ono.

Mlamu atadutsanso anakayang'ana n'kupukusa mutu.

"Kafa aka. Taonani fupa la pachifuwa, ngati mpeni. Alamu, mwakalalikira chiyani kuti kayambe kusala kudya?"

"Kakuchita manyazi," ndinatero.

"Manyazi sakhutitsa. Loweruka ndikupita kumalire. Ndikapeza sikakudyabe, ndikatenga ndikapatse a makamiyao, oyendetsa malole akuluakulu. Iwo aja sanyengerera, amakanula mlomo n'kuthiramo phala."

Mbalame za m'makamiyao ndinaziwonapo: zimalendewera m'timawaya pafupi ndi galasi, zikugwedezeka msewu wonse mu utsi wa gazoyo, mafuta a dizilo aja. Oyendetsawo sindikuwaweruza, nawonso ndi anthu osowa wocheza naye panjira. Koma sindinafune kuti kamene kanabwera m'chipewa cha m'banja kathere kumeneko. Ndinaika nkhaniyi m'pemphero, ngakhale ndinachita manyazi pang'ono kutchula mbalame pambuyo pa odwala ndi mvula.

Mawa lake masana ndinakhala pakhonde kuswa mtedza wa mbewu. Dzuwa linkandithobwa m'maso, choncho ndinatembenuza mpando, gayola n'kukhala kumsana kwanga. Ndili mkati mong'ung'udza nyimbo ya ku gereja, ndinamva kumbuyo kuti khwa. Kenaka khwa, khwa. Ndinacheuka. Kambalameko kanataya mtedza n'kuthawira pangodya pake. Ndinayang'ananso m'lichero. Patapita kanthawi, khwa.

Apo ndinaseka ndekha, chifukwa khalidwe limenelo ndinalidziwa. Ndinakhala nalo pamudzi uno zaka zambiri.

Ine kuno si kwathu. Kwathu ndi cha ku Mualadzi, kuno ndinabwera chikamwini, kudzamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Sakhala mphasa imodzi, sadyera pamodzi. Mawu anga kwa iwo ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale tonse titakhala pabwalo limodzi: "Auze amayi kuti nkhuni ndasiya kuseri." Iwo n'kuyankha akuyang'ana nkhokwe: "Uwauze kuti tathokoza." Tikakumana panjira ya kumunda, ndinkapatukira m'tchire n'kunjuta, nkhope kwina, mpaka adutse. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze. Ndinanjutabe momwemo, thupi lonse likuyaka, chifukwa apongozi anali ataima kumanga bwino kapulana, chitenje chawo, ndipo sanali pachangu. Mkazi wanga anaseka mpaka misozi pondipaka phulusa. "Amayi amakukondani," anatero, "akuti mwa akamwini onse a pano, inu nokha ndi amene simunawaonepo nkhope." Ndikuganiza kuti apongoziwo ankadziwa bwino lomwe pamene panamera chitedzecho.

Ana atabadwa n'kukula, tsiku lina ndikusema mpini pakhonde lomweli, ndinamva mapazi kumbuyo. Dzanja linaika chimanga chootcha pambali panga, mapazi n'kubwerera. Apongozi sanatume mwana. Anabwera okha. Chimanga chimenecho ndinachidya pang'onopang'ono, osatembenuka.

Ndiye ndinaganiza kuti ngati ulemu umenewo unafewetsa mayi wouma mtima ngati uja, kambalame ka m'mphako sikangakanike. Ndinayamba kukalemekeza monga apongozi. Pobweretsa chakudya ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, maso ali ku mtengo wa mango, n'kuika mtedza ndi kagawo ka papaya, n'kuchoka. Mawu anga ndinkawadzeretsa kwa tambala: "Uwauze a m'gayola kuti madzi ndasintha." Gayolayo ndinaitsitsa pa msomali n'kuiika pa mtondo wovundikira, ndipo mpando wanga ndinkausendeza chambuyo pang'onopang'ono mpaka msana wanga unayamba kukhudza nsungwi. Amayi a ku mjigo ndinawapempha kuti azidutsa osaima. Anamvera, koma nkhani anakaifikitsa kutali: akuti bambo aja tsopano akumacheza ndi tambala, mbalame ataifulatira.

Kudya kanayamba, koma pokhapokha ndikafulatira. Ndinadziwa kuti mlamu sangakhulupirire makoko a mtedza. Anganene kuti ndi makoswe, kapena kuti ndadya ndekha pofuna kukapulumutsa. Choncho ndinatsegula kachitseko ka gayola, n'kumaika dzanja chambuyo pa mtondo, mtedza uli pachikhatho, maso ali kumsewu. Dzanja linkachita dzanzi. Ntchentche zinkatera n'kunyamuka. Kenaka, m'mawa wina, ndinamva tizikhadabo tozizira tikuponda chala changa chachikulu. Khosi ndinaligwira, osatembenuka.

Loweruka mlamu anafika ndi belu la njinga, nkhuku zikulira m'dengu, kabokosi kakang'ono koboola atakamangirira kale pa chiwongolero.

"Alamu, wodwala wathu ali bwanji? Ndabwera ndi ambulansiya."

"Tsitsani mawu," ndinatero. "Khalani apa. Ayi, tembenukani. Yang'anani kumsewu."

"Ndiyang'ane kumsewu? Nanga ndiona bwanji?"

"Muonera pakona pa diso. Si mmene munkaonera atsikana mu gereja?"

Anakhala, akung'ung'udza. Munthu ameneyu kukhala chete kumamuwawa ngati chitedze, ndipo ndinkamva mpando ukulira pansi pake. Ndinaika dzanja chambuyo. Tinadikira. Tambala anadutsa, ine n'kumuuza kuti, "Uwauze a m'gayola kuti kwabwera alendo, koma ndi apabanja, asaope."

Mlamu anatsamwa ndi chiseko. Ndinamuponda phazi.

Tizikhadabo tinafika pa chala. Khwa. Khoko linagwa pansi pakati pa mipando yathu. Kenaka kanachita chimene kanali kasanachitepo: kanagwira mkono wa malaya ndi mlomo, n'kukwera, phazi ndi mlomo, phazi ndi mlomo, mpaka paphewa. Ndinamva kutentha kwake pakhutu.

Mlamu analephera kupirira. Anatembenuka ndi nkhope yonse, mano onse pamtunda, chala kutsogolo. "Eee! Kachinkhwe kanga! Wandiiwala? Unagona m'chipewa changa iwe!"

Kanamuluma. Osati kwambiri, koma mokwanira kuti adumphe n'kugunda dengu la nkhuku. Ndipo sikanathawire m'gayola. Kanabisala kuseri kwa khosi langa.

"Ndinakuuzani kuti muyang'ane kumsewu," ndinatero.

Anayamwa chalacho akundiyang'ana ine, n'kuyang'ana tambala, n'kuyang'ananso mmene ndakhalira chammbali. Ndinaona nkhope yake ikuzindikira.

"Iii, alamu! Ulemu uwu ndikuudziwa. Uwu ndi wa amayi anga! Mwawapezera wolowa m'malo?"

"Ndi apongozi abwino," ndinatero. "Sanditumako kumunda."

Anamasula kabokosi kaja pa chiwongolero n'kukaponya pa mulu wa nkhuni. Pochoka anavula chipewa, n'kuyenda chammbali kuzungulira khonde lonse, nkhope ku mtengo wa mango, n'kufuulira tambala kuti, "Uwauze kuti tapita, ndipo chala chikupweteka!"

Kachinkhweko kanakula. Masiku ano ndimatha kukayang'ana, koma mwachidule, ndipo pobweretsa chakudya ndimayendabe chammbali chifukwa miyendo inazolowera. Mawu a anthu sikanaphunzire ngakhale amodzi, ndipo mlamu amati ndi chifukwa cha mphunzitsi. Koma ndikakhala pakhonde kuswa mtedza, kamakwera paphewa, n'kudya theka la njere, theka linalo n'kuligwetsera m'thumba la malaya anga. Mwina kamangotaya. Ine ndimadya osatembenuka.