Mapepala Opanda Kanthu a Bambo Mwaipopo

Anthu a ku Mwanjelwa kuno ku Mbeya amati Bambo Mwaipopo maso anawathera ndi ukalamba, n'chifukwa chake anasindikiza mapepala opanda kanthu. Ine ndikukana, ndipo wofuna kutsutsa abwere ndi tepi yoyezera, osati pakamwa pokha.

Bambowa akhala akusanja zilembo zamtovu pamakina osindikizira a Mayi Sanga kwa zaka makumi atatu. Mphunzitsi wina wa sayansi anawapatsa ntchito yosindikiza tchati cha dzuwa ndi mapulaneti ake, n'kuwasiyira mitunda yake yolembedwa pakapepala. Iye ankayembekezera zimene zimakhala m'mabuku: timipira tothithikana patsamba limodzi ngati tomato pambale.

Bambo Mwaipopo anasankha chilembo cha O cha masentimita awiri kuti chikhale dzuwa, ndipo pulaneti lililonse analipatsa kadontho ndi dzina. Mipata ya pakati anaiyeza motsata kukula kwa O uja, pogwiritsa ntchito timitovu topanda chilembo tija amalekanitsira mawu. Panatuluka timizere ta mapepala toti timatidwe motsatizana, tambiri mwa ito toyera mbee. Titamatidwa kusukulu, Dziko Lapansi linatsala pakhomo la ofesi pafupi ndi dzuwa, koma Nepichuni, pulaneti lakutali kwambiri, anakathera pakhoma la chimbudzi. Mphunzitsi uja anakadandaula kwa Mayi Sanga.

"Bambo inu, inki inakutherani?" mayiwo anafunsa Bambo Mwaipopo. "Maso atha awa. Kazipitani ku Tukuyu mukalime nthochi."

"Mayi, kumwambako n'kopanda kanthu. Ndidzazemo chiyani, maluwa?"

"Ndiye pulaneti la eni ake mukaliike kuchimbudzi?"

"Kumeneko ndi kumene limakhala. Chimbudzicho sindinamange ndine."

Mayi Sanga anagamula kuti ndikayeze ine, mwana wa mchimwene wawo, popeza ndinaphunzira masamu kuyunivesite. Pakaphonyeka ndi chikhatho chimodzi, ntchito ya bambowa yathera pomwepo. Ndinapita ndili ndi chidwi chowagwira bodza. Cholakwa chimene ndinapeza n'chakuti kadontho ka Dziko Lapansi n'kakakulu kuposa muyeso, koma ichi anali atachilemba kale okha m'munsi mwa tchaticho, kuti kocheperapo alibe.

Mpaka lero Bambo Mwaipopo akusanjabe zilembo. Kuwerengera kwanga kunati kuchokera pa O kukafika pa Nepichuni pakhale mamita 64 ndi masentimita 65. Tepi inasonyeza mamita 64 ndi masentimita 62.