Tsiku Limene Madamu Chisha Anasowa Chonena

Madamu Chisha Mulenga anakulira ku Kitwe, bambo awo ali a mumgodi. Boma litawatumiza kukaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina kufupi ndi Msoro, sanachedwe kutchuka ndi ukali. Mwana wojomba ankamutchetchetsa bwalo lonse, osafunsa n'komwe chifukwa.

Phunziro limene ankalikonda linali la mafakitale oyamba a ku Mangalande: mmene makina analandira ntchito m'manja mwa anthu oluka nsalu, mabanja n'kukhamukira m'matauni, ana n'kumakwawa pansi pa makina kutola thonje tsiku lathunthu. Chaka chilichonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Thokozani Mulungu kuti zimenezi zinatha."

Chaka chachisanu, mu Febuluwale, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo, Millicent Sakala, anakweza dzanja.

"Madamu, anawo ankagwira ntchito m'nyumba yofolera?"

"Inde, m'fakitale."

"Ndiye kuti anali ndi mwayi. Anali pamthunzi."

Palibe anaseka. Madamu anaganiza kuti ndi chipongwe, mpaka mtsikanayo atatsitsa kolala. Khosi ndi mapewa zinali zosupuka, zilonda zili psuu!

"N'chiyani chimenechi?"

"Sipuleya yathu imadontha. Mankhwala a thonje amatsikira kumsana."

"Winanso amene amapopera ndani?"

Manja anakwera pafupifupi kalasi yonse. Ambiri anali omwe aja ankawatchetchetsa bwalo. Choko chinagwa m'manja mwa Madamu, ndipo anakhala pansi kukamwa kuli yasa, mpaka belu linalira.

Loweruka anapalasa njinga kukaonana ndi a Sakala, bambo a Millicent. Anawapeza kumunda, atakhala pachitsa, akutsokomola.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mwanayu mukumupha."

"Madamu, ine chifuwachi n'cha mankhwala omwewo," anayankha modekha. "Ndikamuletsa, mbozi zimaliza thonje. Thonje likatha, ndalama ya yunifolomu isowa, ndipo womubweza kunyumba ndinu nomwe."

Madamu anapalasa njinga kubwerera kusukulu. Kumapeto kwa mwezi anakagula magolovesi, zotchinga pamphuno ndi sipuleya imodzi yatsopano ku Chipata, yoti mabanja azibwerekana. Anapempha namwino wa pachipatala kuti adzalankhule pamsonkhano wa makolo. Anabwera makolo asanu ndi anayi okha.

Millicent anachira, koma mayeso a giredi 12 sanalembe. Bambo ake anamwalira nthawi yokolola, munda n'kutsala m'manja mwake. Madamu Chisha akadali pasukulupo. Anakanapo kawiri kusamutsidwira ku Kitwe, ndipo masana a Lamlungu amapalasa njinga kupita kwa Millicent, mabuku atamanga pakaliyala.