Kachithumwa ka M'chiuno mwa Mwana wa Eni

Pa mpingo wathu wa Amalawi kuno ku Glasgow, ine ndinali diso la abusa. Palibe anandisankha, udindowo ndinadzipatsa ndekha.

Lamulungu lina mtsikana wina wobwera kumene, wogwira ntchito yosamala okalamba monga ndimachitira ine, anandipempha kuti ndimugwirire mwana. Mwamuna anali atamuthawa, ndipo mumzinda monse muno abale ake tinali ife a mpingo basi. Posintha thewera ndinapeza kachithumwa m'chiuno mwa khandalo, kaja kotsekera liwombo. Tisanaweruke n'komwe, ndinali nditanong'oneza kale mkulu wa mpingo. Akuluakulu anagwirizana zomuitana mtsikanayo kubwalo la mpingo, mwina kumuimitsa mgonero. Ndinakwera basi ya ku Dennistoun ndikudzimva kuti kumwamba andiombera m'manja.

Lachitatu lake ndinapeza mwana wanga wamkazi, wa ku yunivesite, atamwaza mabuku patebulo. Ankalemba za akapolo akuda a ku Spain zaka mazana angapo zapitazo. Anandifotokozera m'Chichewa chake chopindika chija kuti anthuwo ankabatizidwa osafunsidwa, kenako khoti la mpingo n'kumawazenga milandu chifukwa cha zithumwa ndi mankhwala a kwawo. Ena ankakwapulidwa pagulu.

Ndinapsa mtima zedi. "Anthu opanda chisoni! Munthu wamuchotsa kwawo, alibe mbale, ukamulandenso kanthu komulimbitsa mtima? Nanga ansembewo ankadziwa bwanji?"

"Ankawaneneza ndi anzawo, Amayi," anayankha osadzutsa mutu. "Oyandikana nawo, opemphera nawo limodzi."

Mwana wangayo sankadziwa kanthu za ku tchalitchi, ndipo sindinamuuze. Ndinalowa kubafa n'kuyang'ana mphini zisanu ndi imodzi zimene ananditemera malume pachifuwa nditatsala pang'ono kukwera ndege. Zaka zonsezi zakhala zikudya nane mgonero pansi pa bulauzi yoyera, popanda wozifunsa. Ndinachita manyazi osasimbika. Nyani n'kumaseka mnzake chikundu!

M'mawa ndinaimbira foni mkulu uja kuti mwina maso anandinamiza, kanali kamkanda chabe.

"Mayi, musabwerere m'mbuyo," anatero. "Kalata tamupatsa kale. Mpingo ukufunika anthu olimba mtima ngati inu."

Chiyamikiro chimenecho chinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Kubwalo mtsikanayo sanabwere, ndipo ku tchalitchi sanapondekonso. Patapita miyezi ndinakumana naye m'basi ya ku Sighthill, mwana ali pamiyendo. Mawu opepesa ndinali nditawakonza kalekale, koma pakamwa panangotuluka zoti kunja kukuzizira.

"Kukuzizira ndithu. Muli bwanji, amayi?" anayankha mwaulemu wonse, mpaka kuwerama pang'ono.

Ndinatambasula manja kuti ndinyamule mwanayo monga timachitira. Iye anamukokera jekete pansi kuphimba m'chiuno, n'kumusamutsira mbali ya kuwindo.