Chifukwa Chimene Amayi Salome Sankalandirira

Amayi Salome Nachisale anali amasiye, a m'mudzi wina kumunsi kwa Mua, njira yopita ku Mtakataka. Ankaumba mitsuko ndi miphika, ndipo dothi limenelo ndi limene linkadyetsa zidzukulu zawo ziwiri zimene mayi wake anamwalira. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni, choncho ndinkawaona Lamulungu lililonse. Si khalidwe langa kutama munthu. Ndingolemba zimene zinachitika.

Nyamakazi inawagwira chaka cha 1950 chisanakwane. Zala zinatupa m'mfundo n'kuyamba kupindika, mawondo nawonso chimodzimodzi. M'mawa ankadzuka thupi lili gwa, osatha ngakhale kumanga nsalu. Asisitere a kuchipatala anawapatsa mapiritsi a asipirini, n'kuwauza kuti matendawa sachoka koma amagonja, bola azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndiponso asamamwe m'mimba mulibe kanthu. Odwala ambiri ululu ukangochepa ankasiya, mapiritsi otsala n'kugawira anansi odandaula mutu. Amayi Salome sanatero.

Vuto linali tsiku Lamulungu. Masiku amenewo wofuna kulandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale madzi. Amayiwa anayesa kamodzi. Atangotuluka m'mudzi miyendo inakana, ndipo Misa inatha iwo ali khale pansi pa mlambe. M'mawa mwake analephera kukanya dothi. Kuyambira pamenepo ankadya phala, kumwa mapiritsi, n'kukwera mtunda wonse mpaka kutchalitchi. Nthawi yolandira ikakwana, benchi lonse linkanyamuka, iwo n'kutsala okha atawerama.

Kwathu kuno mayi wamasiye akasiya kulandira, anthu sachedwa kupeza chifukwa. Ena ankati akutcheza kachasu. Ena ankati kuli msodzi wina amene amafika kunyumba kwawo.

Tsiku lina potuluka m'tchalitchi, a Rozi, amene ankatsogolera amayi achikhristu, anawaimitsa pagulu.

"Anachisale, tatiuzani dzina la bamboyo. Tikumangitseni ukwati, muzilandira ngati anzanu."

"Alipo ndithu, amayi," anayankha a Salome. "Ngoyera, ngwamng'ono ngati njere ya chimanga, ndipo amawawa. Ndimam'meza ndi phala m'mawa uliwonse."

Anthu anaseka, koma okhulupirira anali ochepa. A Rozi anati, "Iii, munthu angasiye Ambuye chifukwa cha kapiritsi? Nenani zina."

Amayi Salome anangotsika mtunda kubwerera kwawo. Makolo analeka kuwapempha kuti aimirire ana pa ubatizo. Mabanja ena anayamba kukagula mitsuko ku Golomoti, kusiya yapafupi. Koma Amayi Salome, mapiritsi akatsala pang'ono, ankapita kuchipatala asanathe, ngakhale mvula itadzaza mitsinje, ndipo m'tchalitchi malo awo sanakhalepo opanda munthu. Ndaonapo anthu akupirira ululu. Kupirira mbiri yoipa imene ukanaithetsa pongodumphitsa mankhwala tsiku limodzi, ndinakuona mwa iwo okha.

Mu 1953 Bambo Mfumu analengeza lamulo latsopano lochokera ku Roma, lakuti odwala angathe kumwa mankhwala ndi chakumwa asanalandire, akayamba afunsa wansembe. Misa itatha, Amayi Salome anapita kukafunsa ngati phala lamadzimadzi lomwera m'chikho lili m'gulu la zakumwa. Anawavomera.

Lamulungu lotsatira benchi litanyamuka, nawonso ananyamuka. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo mawondo awo sankadziwa kufulumira. Mzere unatha iwo ali pakati pa tchalitchi. Wansembe sanabwerere kuguwa, anaima pomwepo ndi Ukaristia m'manja, kudikira. Mitu yonse inatembenuka. Amayiwa anafika, anagwira thabwa logwadira ndi zala zopindika zija, n'kutsitsa bondo limodzi, kenaka linzake, pang'onopang'ono, nkhope ili thukuta lokhalokha. Analandira.

Nyimbo inali itatha kale, ndipo palibe amene anayambitsa ina mpaka iwo atadzuka okha n'kufika pamalo pawo.