Chingerezi cha Nedson ndi Makala a Makoko a Mtedza

Ndine Nedson Chikadza wa kwa Kabudula. Ngati mukufuna munthu amene anamaliza mitengo ya m'mudzi mwathu, musavutike kufunsa, ndi ineyo. Zaka khumi ndi zisanu ndinalima fodya, ndipo chaka chilichonse ndinkagwetsa mitengo yomangira zigafa. Fodya atanditopetsa ndinayamba kuotcha makala. Ndiye musadabwe kuti anthu anaseka mpaka kugwira nthiti pamene gulu lathu loumba mabiriketi linandisankha kukhala wolankhulira nkhani zoteteza chilengedwe.

Mabiriketi ndi makala ochita kuumba. Timaotcha makoko a mtedza ndi zitsononkho mu diramu, n'kusinja, n'kusakaniza ndi chomatira, kenako timaumba timibulu n'kuyanika padzuwa. Anandisankha chifukwa m'gulu lonselo ndine ndekha amene ndinafika Fomu 2. Zoti Chingerezi n'chimene chinandigwetsa pa mayeso palibe anafunsa, inenso sindinanene.

Tsiku lina uthenga unafika woti mkulu wa sukulu ina yogonera ya ku tauni, mayi wochokera kunja, akufuna kusiya kuphikira nkhuni ndipo abwera kudzaona katundu wathu. Chichewa sankadziwa. Ndinapalasa njinga mpaka ku Nsaru kwa a Margret Kalilani, mphunzitsi wopuma pantchito.

"Mukufuna Chingerezi chanji, a Chikadza?" anandifunsa.

"Cha bizinesi, madamu. Chija amalankhula anthu ovala tayi."

Anandilembera mafunso khumi ndi mayankho ake papepala: ubwino wa mabiriketi poyerekeza ndi nkhuni, gasi, magetsi ndi sola. Ndinkayima pakhonde pawo ngati mwana wa Sitandade 3, iwo n'kumakhala kasitomala. Liwu limene linandithyola lilime linali lakuti sasitenabo. Linanditengera masiku atatu.

"Kodi limatanthauza chiyani?" ndinafunsa nditalitha.

"Kugwiritsa ntchito chinthu lero popanda kuwalanda ana anu chamawa. Mukakumbukira zimene munkachita ndi nkhwangwa zija, mungotembenuza."

Pobwerera ndinkaloweza mokweza panjinga. Amayi ena a pachitsime anakauza mkazi wanga Estere kuti ndalowa mpingo wolankhula malilime. Estere sanaseke.

"Bambo a Rhoda, mawu mukutafunawo aphika nyemba kodi? Makala anuwo dothi lachuluka."

Ndinamumva, koma ndinali pa funso lachisanu ndi chiwiri. Zoona zake n'zakuti ndinkathira dothi la pachulu lambiri kuti timibulu tichuluke. Tikauma tinkaoneka bwino kwambiri, makamaka kwa munthu amene sakufuna kuphika.

Tsiku lija linafika. Ndinavala jekete la paukwati wanga, ngakhale unali mwezi wa Okutobala. Mayi aja anatsika m'galimoto ndi dalaivala wawo, Dominic, mnyamata wa ku Msundwe amene ankawamasuliranso. Ndinamukwezera dzanja kuti apume kaye. Ndinalankhula zonse za papepala osapunthwa, mpaka anzanga a m'gulu anaomba m'manja ngakhale sanamve kanthu. Mayiwo anagwedeza mutu, kenako anafunsa funso limene a Margret sanalembe.

Sindinatolepo liwu ngakhale limodzi. Ndinamwetulira n'kuyankha kuti inde, sasitenabo kwambiri.

Dominic anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. "Achimwene, akufunsa kuti kunyumba kwanu mumaphikira chiyani. Akufuna akaone."

Kuchokera pamalo oumbira kufika kwanga ndi mtunda waufupi, koma thukuta linatsika mpaka m'nsapato. Tinamupeza Estere akuphika nyemba pamafuwa, nkhuni zake nthambi za mango zimene ndinasadza ine ndemwe sabata yapitayo. Mayi aja anafunsa chifukwa chake mkazi wa wogulitsa mabiriketi akuphikira nkhuni. Ndinayesa kumuphethira diso Estere, koma anali akuyang'ana alendo.

"Muwauze kuti makala a bambowa amazima nyemba zisanawire," anatero kwa Dominic. "Utsi wake ngati mukuotcha njerwa."

Dominic anamasulira zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva Chingerezi bwinobwino.

Kenako Estere analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la timibulu tina, tating'ono ndi takuda bii. Anali atatenga makoko opsa aja n'kumata ndi phala la ufa wa chinangwa m'malo mwa dothi. Ankasunga kuti aziphikira alendo a kumpingo. Anayika pambaula n'kukoleza, n'kusamutsira mphika wa nyemba pomwepo. Makala akewo anayaka ofiira psuu, opanda utsi. Mayi aja anagwada n'kuika dzanja pafupi, n'kumafunsa mafunso ambirimbiri, onse kwa Estere. Ine ndinangoyima pambali ndi jekete langa, pepala lili m'thumba.

Mayi aja anatenga thumba limodzi la mabiriketi a Estere kuti akayese. Patatha sabata zitatu galimoto inabweranso, ndipo kuyambira pamenepo imabwera Lachisanu lililonse. Gulu linakhala pansi n'kugwirizana kuti osakaniza akhale Estere, ndipo ine anandiletsa kuyandikira chulu.

Nditakawafotokozera a Margret, anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati tiyambirenso, koma ulendo uno ndiphunzire kumva, osati kulankhula kokha. Ndimapitabe Lachitatu lililonse. Mayi aja akaimba foni, Estere amandipatsa ine. Ndimamva theka la zimene akunena, ndipo theka linalo timadikira Dominic.