Mwamuna Woseka Kumbuyo kwa Filimu

Saluni ya alamu anga ndi ya chipinda chimodzi: magalasi awiri, mipando itatu, chowumitsira tsitsi cholira ngati njuchi, ndi TV yopachikidwa pamwamba pa chitseko. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka pamakhala mafilimu achikondi, oti makasitomala asatope polukitsa. Eni akewo sankawakonda. Ankaluka maso ali pamutu pa munthu, pakamwa pali pa filimu.

"Bodza ilo," ankatero. "Wokondadi sachulutsa mawu chonchi. Taonani maso akewo, akungodikira kuti wojambula amuuze kuti basi wamaliza."

Amuna awo, achimwene anga, anali okonza magetsi, munthu wofatsa, wosaseka wamba. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zitatu osakwezerana mawu. Achimwene atamwalira mwadzidzidzi, alamu anatseka saluni mwezi umodzi, kenako anabwerera ku zipeso zawo.

Patapita zaka ziwiri, Lachitatu lina masana, ndinali pompo kudikira kuchapitsa tsitsi. Pa TV panali filimu yojambulidwa mumzinda wathu womwewu, yosakoma n'komwe. Mnyamata anagwadira mtsikana pakati pa msewu, akulira popanda misozi. Mwadzidzidzi mayi amene ankalukidwa analoza.

"Inu, si bambo akwanu awo?"

Kumbuyo kwa osewerawo, pakhomo pa sitolo ya nsalu, panaima achimwene, makwerero ali paphewa. Sankadziwa kuti akujambulidwa. Ankayang'ana munthu wina amene kamera sinamugwire, akuseka mpaka mano onse panja, nkhope itawala ngati ya mwana. Masekondi anayi okha, chithunzi chinasintha.

Chipeso chinagwa pansi. Palibe anachitola.

Sabata yomweyo alamu anaipeza filimuyo n'kuiika pafoni. Poyamba ndinkati ndi chisoni chabe, munthu kufuna kuonanso wake. Koma tsiku lina anandiitanira kuseri, pomwe amayanika mathawulo, n'kundionetsa kasanu motsatizana.

"Alamu, munakula nawo. Munawaonapo akuseka chonchi?"

"Tili ana," ndinayankha.

"Ine ayi." Anapukuta foniyo ndi epuloni. "Mufilimu yonseyi wachikondi ndi mmodzi yekha, ndipo si ine amene akundiyang'ana."

Ndinati mwina anali mnzawo wa kuntchito, mwina winawake anangoterereka. Anandiyang'ana ngati ndawapusitsa.

Loweruka anandipempha kuti ndiwaperekeze kusitoloko. Tinapeza kuti inasintha eni, tsopano akugulitsamo matayala. Koma telala wachikulire wosokera pakhonde anali yemweyo. Atamuonetsa foni, anavula magalasi.

"Amagetsi awa! Ankabwera Lachisanu lililonse kudzakonza nyali. Nyali zake zosawonongeka zomwe." Anaseka, kenako anaona mphete ya alamu, kuseka kuja n'kuthera pakhosi.

"Ankakonzera ndani?" alamu anafunsa.

"Panali mayi wina pakauntala, wodula nsalu. Anachoka kalekale, sindidziwa kumene analowera. Koma mayi, ine sindinaonepo choipa. Ankangocheza."

"Anali wokongola?"

"Ayi ndithu. Koma nthabwala, eee."

Pobwerera, titafika pamphambano, alamu anangoti, "Bola akanandibisira mwana. Mwana ndikanalera."

Alamu akugwirabe ntchito, manja awo akadali achangu. Chimene chinasintha ndimachiona ine ndekha. Akalowa mayi wachilendo wa msinkhu wawo, amamukhazika pampando wapakati, n'kuyamba kumufunsa kumene ankagwira ntchito kale. Mwezi watha kunabwera wina wamfupi, wa mpata kumano, amene anaseketsa saluni yonse asanakhale n'komwe pansi. Alamu anamuluka maola anayi tsitsi la maola awiri, akumuyang'ana pagalasi. Atachoka, anatuluka n'kuima pakhomo, kumutsatira ndi maso mpaka anakwera basi.

"Ndi iyeyo?" ndinanong'ona.

"Sindinafunse," anatero. "Abweranso pakutha pa mwezi kudzamasula."